A Jaji Osunga Zitupa

Emelia anali kuthirira repu kuseri kwa nyumba, dzuwa litapendekera kumapiri, pamene fungo lija linabweranso. Linali fungo la fodya amene wapsa bwino m'balani, lolemera, lokanda kukhosi. Anaima ndi keni m'manja. Mabalani a papulazi ya kwa Mandevu, kunja kwa tauni ya Mvurwi, kumpoto kwa Harare, anazima moto chaka chimene mzungu anachoka, zaka zoposa makumi awiri zapitazo. Malata anapita ndi akuba, njerwa anthu anagumula n'kumangira zimbudzi. Nanga fodya ameneyu ankapsera kuti? Kenaka kutsidya kwa mpanda wa waya kunamveka kaphokoso, ngwee, ngwee, ngati tizitsulo tikugundana m'thumba la munthu woyenda pang'onopang'ono. M'nyumbamo mwana wake Talandira, mtsikana wa zaka makumi awiri, anabuula pamphasa pamene anali atagona sabata yachitatu.

Ndiyambe ndakuuzani za anthu a pakomboni imeneyi, mwina mungasokere. Agogo awo anabwera wapansi kuchokera ku Dedza kudzalima fodya wa azungu, ndipo zidzukulu zinabadwira pomwepo, osauonapo Malawi ndi diso. Komabe onse ankadziwa kuti munthu akafa amabwerera kwawo, ndipo njira yake ndi yomweyo ya amoyo: chipata cha m'malire cha Nyamapanda, Tete, Dedza. Tsono anthu amene moyo wawo wonse afunsidwa chitupa pageti, pachipatala ndi pamsewu paliponse sakanakhulupirira kuti akafa awadutsitsa chimanjamanja. Choncho adzukulu, amene amasambitsa ndi kuika maliro, ankalowetsa chitupa m'thumba la malaya a malemu asanakhome bokosi. Abusa ankadziwa n'kumayang'ana kumbali. A gule nawo ankachita chimodzimodzi. Inu obadwira kwanu sekani ngati mukufuna, simunaimitsidwepo padzuwa chifukwa cha chilembo cha A, chotanthauza mlendo, chodindidwa pachitupa chanu m'dziko limene munabadwira.

Pakomboni yonseyo munthu mmodzi yekha ndiye anakwera, ndipo anali mlongo wake wa Emelia, Dominic. Emelia anamubereka kumsana uyu. Anasiya sukulu giredi faifi n'kukalowa m'shedi yosankhira fodya kuti Domi apite kumishoni atavala nsapato. Mnyamatayo anali ndi mutu, zimenezo sitingamulande. Anayamba ngati kalaliki wa khoti, kenaka anakhala majisitileti. Koma pokwera mpandowo anavula dzina la bambo ake, la Kachingwe, n'kuvala la Chishona, akuti mpando wa oweruza sukhalidwa ndi mabhurandaya, paja ndi mmene eni dziko amawanyozera anthu ochokera ku Malawi. Chitupa chake chinalibe A. Mmene chinayerera palibe anafunsa.

Chimene chinamuwawa Emelia mpaka lero ndi mlandu wa anthu a komboni yoyandikana nayo, amene mwini pulazi watsopano ankafuna kuwachotsa. Nkhalamba zija zinasangalala zitamva kuti woweruza ndi mwana wa a Kachingwe. Zitayamba kudandaula m'Chichewa, Dominic anakweza dzanja n'kuitanitsa womasulira. Mwana amene anayamwa Chichewa, kukhala tsonga kudikira kuti munthu wina amuuze tanthauzo la mawu akuti tilibe kopita! Anawapatsa masiku khumi ndi anayi. Emelia anamva manyazi ngati wavula pamsika, koma anthu akamunena mlongo wakeyo ankamuikira kumbuyo, n'kumati ntchito ya boma ilibe chibale.

Pamaliro pokha ndiye Dominic sankajomba. Ankafika ndi galimoto yodzaza ufa ndi makabichi, n'kukhala pansi pa mtengo ndi azibambo, chipewa pabondo. Asanachoke ankaitana wamkulu wa pabanjapo n'kumufotokozera mofatsa kuti malamulo asintha, chitupa cha malemu chiyenera kupita ku ofesi kuti kalata ya imfa ituluke, iye athandiza. Ndani akanatsutsana ndi a Jaji pa nkhani ya malamulo? Anthu ankapereka ndi manja awiri, n'kuthokoza. Kalatayo inkabweradi. Chitupa ndiye sichinkabwera, ndipo bokosi linkakhala litatsika kale.

Bambo awo anamwalira mwezi umene Dominic anakhala majisitileti. Jasten, mwamuna wa Emelia, anagwa m'munda popanda kudwala sabata imene Dominic anakwezedwa kupita kukhoti lalikulu. Pamaliro a Jasten, a Lazalo, mkulu wa adzukulu, anakana kufotsera manda. Anaimika fosholo n'kumufunsa Dominic pamaso pa anthu onse kuti kodi zitupa za anthu athu mukukazisunga kuti, ndipo eni ake mukuwagwiritsa ntchito yanji? Patangopita masiku atatu apolisi anabwera. Mlandu wake unali wonenera munthu ufiti, ndipo mnzake wa Dominic wa pakhoti anawapatsa miyezi isanu ndi umodzi. Anabwerako mano apatsogolo atatha, pakamwa patatsekeka. Kuyambira pamenepo maliro a kwa Mandevu ankaikidwa mwakachetechete, ndipo anachuluka.

Dominic atatopa ndi khoti analowa ndale. Chaka chimene anapambana ukhansala, Elifasi, mwana woyamba wa Emelia, anangodandaula mutu masana, pofika madzulo n'kuti atauma. Tsopano a Jaji ankafuna uphungu, ndipo nkhope yawo inali pamtengo uliwonse wa m'mbali mwa msewu. Misonkhano yawo inkadzaza modabwitsa ngakhale a chipani chawo chomwe. Ana, mnansi wa Emelia amene ankagulitsa maputi, chimanga chokazinga chija, m'misonkhano, anabwerako tsiku lina beseni lili lodzaza. Anati mizere yakutsogolo inkaimba ndi kuvina, koma yakumbuyo inangoti chilili, anthu ovala malaya a chipani, osaimba, osatuluka thukuta, mapazi awo osadzutsa fumbi. Anati anayandikira kuti awagulitse maputi, n'kuona Jasten, ndipo pambali pake panali Elifasi. Emelia anamutukwana Ana tsiku limenelo mpaka komboni yonse inatuluka, ndipo sanalankhulane mwezi wathunthu.

Tsono masabata atatu apitawo Dominic anaima pakhomo pa Emelia, injini ikulira, n'kupempha chitupa cha Talandira. Anati akufuna akachotsetse A uja kuti mtsikanayo athe kuvota komanso kulembetsa sukulu ya unamwino. Ndi malume ake, mwini mbumba, ndipo ankanena zabwino. Emelia anachitenga yekha m'sutikesi n'kuchipereka. Mawa lake Talandira analephera kudzuka. Kukiliniki anamuyeza zonse osapeza kanthu. Ankangowonda, maso ali kudenga, n'kumanena kuti pali munthu amene akumuitana ndi mayina onse, ndi mawu aakulu ngati a m'holo.

Ndiye madzulo amenewa, phokoso la tizitsulo lija litasiya, Emelia anakweza maso. Kutsidya kwa waya kunaima munthu atavala malaya a chipani pamwamba pa suti yakuda. Sutiyo anaidziwa, anaisita yekha. Keni inamupulumuka, madzi n'kumwazikira kumapazi.

"A Jasten?"

"Anandibweza pa Nyamapanda," anatero, mawu ake ouma ngati tsamba la fodya. "Tonse amatibweza."

"Mukufuna chiyani kwa ine?"

"Kukhoti dzina amaitana katatu. Mwanayo amuitana kawiri. Kachitatu ndi tsiku lamavoti."

Kwinakwake patali kunalira wezulo. Jasten anatembenuka msangamsanga ngati wantchito amene wamva folomani, n'kulowera cha kumabwinja a mabalani, udzu osagwedera. Emelia anakhala pansi m'matopemo. Mantha analipo, koma chimene chinamudzaza pachifuwa chinali mkwiyo, ndipo theka lake unali wodzikwiyira yekha. Zitupa zitatu anapereka ndi manja ake, chachinayi ndi ichi. Mavoti anali atatsala masiku asanu.

M'mawa mwake anagogoda kwa Ana, osapepesa, n'kumupempha kuti amuyang'anire mwanayo. Ana sanafunse kanthu, anangotenga chitenje n'kubwera. Emelia anamanga chitupa chake pakona ya mpango chifukwa cha apolisi a pamsewu, n'kukwera kombi ya ku Mvurwi.

Ofesi ya a Jaji inali kuseri kwa masitolo. Pakhonde panadzaza anyamata a chipani ndi azimayi odikira mbewu, aliyense shefu, shefu, paja ndi mmene amaitanira bwana kuno. Dominic atamuona anamupatsa moni m'Chishona, n'kuuza anthu kuti awa ndi mayi wina wa kupulazi amene amawathandiza. Mayi wina! Emelia anameza. Atalowa mkati ndi kutseka chitseko m'pamene Chichewa chinabwerera mkamwa mwake, chosalala ngati sanachisiyepo.

M'chipindamo munali fungo lomwe lija. Pakona panali kabati yachitsulo ya madilowa anayi, yonga ya kukhoti, ndipo ngakhale panalibe woigwedeza, mkati mwake munkamveka ngwee, ngwee. Emelia sanakhale pampando. Ananena kuti wabwera kudzatenga chitupa cha mwana wake, chikhale ndi A, chikhale chopanda, achifuna lero.

Ankayembekeza kuti akana, kapena amuopseza ndi apolisi monga anachitira a Lazalo. Ayi ndithu. Dominic anavula magalasi n'kuwapukuta, n'kuyamba kulankhula mofatsa ngati akuwerenga chigamulo. Anati anthu a pakomboni ali moyo sankawerengedwa ndi aliyense, analibe voti, analibe munda, analibe ngakhale manda awoawo. Iye wawapatsa ntchito. Anati ku Dedza kumene akulirirako palibe amene amawadziwa, akanakafikira pakhomo pa yani? Anatinso mwana wa mubhurandaya kuti afike pamene iye wafika, mapepala a sukulu okha sakwana.

"Munandituma kuti ndikwere, achemwali," anatero. "Munkayesa makwerero ake ndi a chiyani?"

Emelia anamuyang'ana, munthu wa mimba ndi tayi, n'kukumbukira kamwana ka zipere kamene ankakatafunira mbatata. Anamuuza kuti akanadziwa akanamusiya m'mizere ya fodya kuti mvula imumalize. Dominic anangogwedeza mutu ngati wamva umboni umene ankauyembekezera. Anatsegula dilowa yachiwiri. Munali zitupa zondandalikidwa bwinobwino, zachitsulo zakale ndi zapulasitiki zatsopano, mazanamazana, zina za makomboni amene Emelia sankawadziwa n'komwe. Zinkanjenjemera zokha. Anasolola cha Talandira n'kuchiika patebulo, koma chala chake chinakhala pamwamba pake.

"Dzina likalowa m'buku silifufutika. Amene ndimagwira nawo ntchito amawerenga mitu, ndipo mutu uwu ndinaulonjeza kale. Koma lamulo limalola kuti wina aimire mnzake. Akhale wa magazi omwewo."

Emelia anamva bwinobwino. Panalibe wina wotsala wa magazi a kwa Kachingwe, koma iye ndi munthu amene anali kutsidya kwa tebuloyo, ndipo ameneyo sakanadzipereka ngakhale kumwamba kutagwa. Paja amati chibale ndi fupa, sichiwola. Inde sichiwola, agalu amachikukuta chili chomwecho. Anamasula mfundo ya mpango. Zala zinkakana, anachita kumasula ndi mano. Chitupa chake chinali chachitsulo chakale, chithunzi chitafufutika, ndipo anachiponya patebulo.

"Inu ayi, achemwali," anatero Dominic, ndipo kwa kanthawi kochepa mawu ake anali a Domi.

"Ndiye ndipatse zonse ziwiri."

Dominic anayang'ana kukabati. Anayang'ana chithunzi chake chomwe chili pakhoma, chomwetulira, cholembedwa tsiku lamavoti pansi pake. Kenaka anachotsa chala pa chitupa cha Talandira, n'kutola cha Emelia, n'kuchipukuta ndi hanki asanachiike m'dilowa. Anamufunsa ngati angafune kuti dalaivala akamutule. Emelia anamulavulira pa tayi n'kutuluka, ndipo anyamata a pakhonde anamupatsa njira.

Atafika kwa Mandevu anapeza Talandira atakhala tsonga pakhomo, akumwa maheu, Ana atagwira pakamwa. Mtsikanayo anati mawu aja asiya cha m'ma leveni koloko, ndipo ali ndi njala yoopsa. Emelia anamukumbatira n'kulira kwa nthawi yoyamba chimwalirire Elifasi. Sanamuuze chimene wachita. Anasoka kathumba ka nsalu, n'kuikamo chitupacho, n'kumumangirira m'chiuno mkati mwa zovala. Patapita masiku awiri, miyendo italimba, anamuperekeza kumsewu kuti akwere basi ya ku Harare, akakhale kwa azakhali ake, mlongo wa Jasten.

Pamsewupo anamulangiza zinthu ziwiri. Choyamba, chitupacho asadzachipereke m'manja mwa munthu wa chibale, ngakhale atalonjeza zotani. Chachiwiri, akadzamva kuti kwa Mandevu kwagwa maliro, asadzabwere. Talandira anafunsa kuti maliro a yani, ndipo Emelia anati a aliyense, n'kumukankhira m'basi. Anaima pamenepo mpaka fumbi litatha. Pobwerera anamva dzina lake likuitanidwa kuchokera kumabalani, Emelia Kachingwe, momveka ngati m'holo. Sanacheuke. Tsiku lotsatira analimvanso ali pamjigo, ndipo azimayi anzake anapitiriza kupopa madzi osamva kanthu.

Tsiku lamavoti anadzuka thupi lili lolemera ngati wasenza mabelo a fodya. Anagona tulo tosalota, ndipo mapazi ake anali ndi fumbi lofiira ngakhale anasamba asanagone. Anavala diresi yake ya kutchalitchi. Anali atatsimikiza mtima: apita kusukulu kumene anthu akuvotera, akaima pakati pa bwalo, akanena zonse mokweza, za zitupa, za kabati, za Jasten ndi Elifasi. Ndende ankaiopanso chiyani munthu wotsala ndi kuitanidwa kumodzi? Anapita wapansi, akupumira m'njira, n'kufika dzuwa lili pamutu.

Mzere unali wautali. Emelia anaudutsa n'kulunjika pakhomo la kalasi, pamene panali anthu ambiri. Mtsikana wina wovala bibu la oyendetsa chisankho, mphunzitsi wobwera kuchokera kutali, anamuimitsa mwaulemu, poganiza kuti ndi mayi wodwala wofuna kuthandizidwa msanga. Anamufunsa dzina. Emelia anatsegula pakamwa kuti ayambe kukuwa, koma chimene chinatuluka ndi dzina lake, mayina onse awiri, mwaulemu, ngati munthu woyankha kukhoti. Mtsikanayo anatsegula buku n'kutsetsereka ndi rula. Emelia anafuna kumuuza kuti asadzivutitse. Zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zitatu ali m'dziko lino, sanalembetsepo, sanavotepo, A uja sankamulola.

Rula inaima. Dzina linalimo, ndipo linali litadulidwa kale ndi mzere wofiira.

"Mwavota kale, mhamha," anatero mtsikanayo, kumutchula mayi m'Chishona. "Munali m'gulu loyamba lija, titangotsegula. Mwaiwala?"

"Ine ndangofika kumene."

"Taonani chala chanucho."

Emelia anakweza dzanja lamanzere. Kachala kakang'ono kanali kakuda ndi inki mpaka m'chikhadabo, youma bwinobwino, ya maola angapo. Anayesanso kukuwa, lilime linangogona mkamwa ngati la munthu wina. Voti yoyamba ya moyo wake inali itaponyedwa kale, ndipo sankafunika kufunsa kuti yapita kwa yani.

Anatuluka n'kukakhala pansi kuseri kwa kalasi. Anatapa mchenga n'kuyamba kukwecha chalacho, kukwecha mpaka khungu linasupuka, koma magazi sanatuluke. A Lazalo anali pamzere chapafupi, atatsamira ndodo. Anayang'ana chalacho, anayang'ana nkhope ya Emelia, ndipo pang'onopang'ono anavula chipewa monga amachitira akafika pasiwa.